Masabata Khumi pa Gombe la Kizimkazi



Munthu amene wagwira ntchito ya uphunzitsi zaka 34 amakhala kapolo wa belu iye mwini osadziwa. Ife tinazindikira zimenezi titapuma pantchito. Mwezi woyamba unali wokoma ndithu, koma wachiwiri usanathe tinayamba kusowa pogwira. Tinkadzuka m'bandakucha monga mwa kale, kuswali Subuhi, kuvala malaya osita bwino, kenaka n'kukhala pakhonde la nyumba ya lendi ku Limbe kumaonerera ana a eni akupita kusukulu. Pofika 10 koloko nyuzipepala tinali titaiwerenga kawiri, ndipo chotsala chinali kulowa m'khitchini kukafunsa chifukwa chimene makala akuthera msanga. Mayi a kunyumba anapirira miyezi isanu ndi umodzi, kenaka tsiku lina anaika chipande pansi nati: "Bambo, tiyeni kumudzi. Ana anakula, nyumba ino ndi ya eni ake, ndipo inu mwasanduka insipekitala wa mapoto anga."

Kumudziko ndi m'mbali mwa nyanja m'boma la Mangochi, kumene tonse awiri tinabadwira. Kunena zoona ife tinkakuopa. Tinkati munthu wozolowera tauni akabwerera kumudzi ndiye kuti wapita kukadikira jeneza, poti kumeneko kumacha n'kuda popanda chochitika. Mkanganowu unali usanathe pamene tinalandira uthenga wochokera kwa mwana wathu wamkazi, amene anakaphunzira ku Zanzibar nakwatiwa komweko. Allah anali atamdalitsa ndi mwana woyamba, ndipo asewere athu, amene tinangoonana nawo masiku awiri okha pa nikah, ankatipempha kuti tikadye nawo Idi ya Qurbani kumudzi kwawo ndi kukhala mmene tingafunire. Tinanyamuka kumayambiriro kwa June 2023 tikuganiza zokakhala masabata awiri. Tinakhalako masabata khumi.

Za panjira tisachulutse gaga m'diwa. Basi kuchoka ku Lilongwe kudzera ku Mzuzu ndi Karonga, kuwoloka malire pa Songwe, kukwera mapiri ozizira a ku Tukuyu, kenaka msewu wautali wodzera ku Iringa ndi Morogoro mpaka ku Dar es Salaam. Kwa anthu a msinkhu wathu miyendo imatupa, choncho ndi bwino kugona usiku umodzi panjira. Pa Songwe musaiwale kusuntha wotchi ndi ola limodzi, chifukwa anzathu a ku Tanzania ali patsogolo. Kuchoka ku Dar es Salaam sitima ya pamadzi imatenga maola ngati awiri kukafika pa chilumba cha Unguja, chimene ambirife timangochitchula kuti Zanzibar. Ngakhale Zanzibar ndi Tanganyika anaphatikana mu 1964 kukhala dziko limodzi, padoko anatifunsanso mapasipoti. Titagona mumzinda kwa mwana wathu ndi kunyamula kamdzukulu mpaka kukhuta, mkamwini anatitenga pa galimoto tonse kulowera kummwera, makilomita opitirira 50, kudutsa nkhalango ya Jozani kumene apusi ofiira kumsana amalumpha m'mitengo ya m'mbali mwa msewu, mpaka msewuwo unathera pa madzi.

Kizimkazi ndi midzi iwiri yoyandikana, Dimbani ndi Mkunguni, cha kumapeto kwa chilumbacho. Asewere athu ndi a ku Dimbani. Nthaka ya kumeneko ndi miyala yokhayokha, miyala yobookabooka ya m'nyanja, kotero kuti chinangwa, nthochi ndi mapapaya amabzala m'mipata. Nyumba zakale ndi za miyala yomweyo, zatsopano ndi za njerwa za simenti, ndipo pakhomo pamakhala guwa lokhalapo limene amalitcha baraza. Milambe ilipo, mbuzi ndi nkhuku zili balala, ana ovala tizisoti akuchokera ku madrasa, ndipo munthu akafika pakhomo amati "Hodi!" monga ife timanenera "Odi!" Mayi a kunyumba anatinong'oneza kuti: "Bambo, ndiye tayenda masiku onsewa kuti tidzafike kwa Makanjira?"

Koma nyanja yake si yathu. M'mawa mwake titaswali tinatsikira kugombe, ndipo tinangoti kakasi. Madzi amene dzulo lake madzulo ankamenya pafupi ndi mizu ya mitengo anali atathawa. Ngalawa zinali gone chammbali pamchenga, ndipo amayi anali kutali uko akuyenda pamene dzulo panali nyanja, atawerama kutola nkhono. Ife a ku Mangochi timadziwa nyanja imene imakwera pang'onopang'ono mvula ikagwa n'kudzaphwera m'chilimwe; iyi imachita zimenezo kawiri pa tsiku limodzi. Asewere athu aamuna, amene mudzi wonse umangowatchula kuti Mzee, anaseka mpaka kutsokomola. Anatifotokozera, mkamwini akumasulira, kuti madzi amadzaza kawiri ndi kuphwa kawiri pa usana ndi usiku, ndipo tsiku lililonse amachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50. Mwezi ukangooneka kumene, ndiponso ukakhala wathunthu, madzi amadzaza kwambiri ndi kuphwa kwambiri. Masiku amenewo amawatcha bamvua. Mwezi ukakhala theka madzi amachita ulesi, ndipo iwo amati maji mafu, ndiko kuti madzi akufa. N'chifukwa chake msodzi wachikulire wa kumeneko ukamfunsa deti la June kapena July amayamba wakanda m'mutu, koma deti la mwezi wa Chisilamu angakuyankhe ali m'tulo, pakuti ndilo limamuuza nthawi yokankha ngalawa. Zimene ife tinkajambula pa bolodi za mwezi kukoka madzi, tisanaionepo nyanja ya mchere, iwo amazidziwa ndi mapazi.

Wotchi yathu inatichititsa manyazi sabata yomweyo, mkamwini ndi banja lake atabwerera mumzinda. Mzee anatiuza kuti mawa lake tikaone mmene amavuulira madema, imene ndi miono yawo, ndipo anati tinyamuka saa moja. Chiswahili timachimva pang'ono, poti ashehe amene anatiphunzitsa alifu ndi be tili ana ankachisakaniza ndi Chiyao. Choncho tinadziwa kuti moja ndi chimodzi. Tinadya nkhomaliro mofulumira, ndipo 1 koloko yeniyeni masana tinali pagombe, chipewa kumutu. Tinapeza Mzee akupala nsomba, atabwerako kalekale. Aswahili amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka: 7 koloko m'mawa ndiyo saa moja, 12 koloko masana ndi saa sita, ndipo dzuwa likalowa amayambiranso. Tikaganiza bwino, kuwerenga kwawoko kuli ndi nzeru kuposa kwathu, nanga ndani anaonapo tsiku likuyamba pakati pa usiku? Madzulo omwewo wotchi tinaivula n'kuiika m'sutikesi pamodzi ndi mapasipoti. Pamkono panatsala mzere woyezuka umene ana ankaulozerana.

Kuchokera apo tsiku lathu linkayendera adhana ndi madzi. Ikatha Subuhi tinkamwa khofi wakuda wowawa m'tikapu tating'ono, wogulitsa bambo wina amene ankakhala ndi ketulo pa mbaula pansi pa mtengo. Ngalawa zina zikutuluka, zina zikubwera, malinga ndi mmene madzi alili tsikulo. Dzina loti ngalawa ndi lomweli lathu, koma yawoyo ndi bwato losema ku thunthu la mango, lokhala ndi matabwa awiri otambalala uku ndi uku kuti lisagadabuke, ndiponso thanga la ngodya zitatu. Nsomba zikafika sagulitsa mwamseri ayi. Amaziyala poyera, ndipo munthu mmodzi, dalali, amaitanira mitengo anthu atazungulira, wokweza kwambiri ndiye atenge. Msika wotere amautcha mnada. Tinaona nguru, wonga mcheni koma wotalika msinkhu wa mwana. Jodari, wonenepa, wa mnofu wofiira ngati wa ng'ombe. Changu, tasi, ndi dagaa amene ndi usipa wawo. Tinaganiza za asodzi ena a kwathu amene amagulitsa usipa kwa munthu yemwe anawakongoza kale mafuta a injini, mtengo n'kudulanso iye yemweyo. Pa mnada mtengo umamveka ndi mudzi wonse.

Chimene chinatigwira mtima kwambiri ndi malo a nkhalamba m'mudzimo. Mzee anasiya kupita kutali panyanja maso atayamba kuchita chifunga usiku, koma palibe amene anawauza kuti apuma pantchito, ndipo panalibe phwando lotsanzikana kapena mphatso ya wotchi ya pakhoma ngati imene tinalandira ife. Anangosamuka kuchoka mu ngalawa kupita pamthunzi. Pamenepo iwo ndi anzawo amaluka madema, amasoka maukonde, amayang'ana kumwamba n'kuchenjeza anyamata kuti lero musapitirire pakutipakuti, ndipo ngalawa ziwiri zikakolana maukonde mlandu umathera pomwepo. Ikatha Alasiri ndiye bawo, lomweli lathu la mizere inayi, kungoti iwo amataya njombwa mwachangu moti maso athu ankatsalira m'mbuyo. Tinagonja masiku 12 otsatizana, ndipo mbiri inamveka mpaka ku Mkunguni kuti Mnyasa uja bawo salidziwa.

Masiku oyamba tinkakhala nawo manja ali lende monga alendo. Paja amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma ife tinali mame osakamuka. Sabata yachitatu Mzee anatiponyera ukonde wong'ambika ndi singano yake yosokera, osanena kanthu. Abale, zala zimene zinagwira choko zaka 34 zinakanika mfundo imene mwana wa zaka khumi amamanga akuyang'ana kwina. Kamnyamata kena, kamdzukulu ka Mzee, kanamasula zonse zimene tinasoka m'mawa wonse, kenaka kanatigwira chala n'kutisonyeza podzera. Mtima unapsa, sitibisa. Kenaka tinakumbukira ana onse aja amene tinkawadula ndi inki yofiira, ndipo tinameza malovu n'kuyambiranso. Pofika sabata yachisanu ndi chimodzi maso a ukonde wathu ankavomerezeka, ndipo tsiku lina tinazindikira kuti papita masiku angapo tisanafunse munthu nthawi. Mutu umene unkatiwawa masana alionse ku Limbe unaleka wokha, tulo tinayamba kubwera ikangotha Isha.

Koma tisakunamizeni kuti mudzi wonse umakhala pamthunzi. Titauza mayi a kunyumba usiku wina kuti moyo wa kuno ndi wofatsa, anatiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Wofatsa kwa yani, bambo? Kwa inu a pa bawo?" Iwo masiku onsewo ankakhala kuseri kwa nyumba ndi asewere awo aakazi, a Bibi, ndipo kumeneko kunalibe munthu wongokhala. Nkhuni, madzi, kuchapa, kukazinga nsomba ndi mandasi zogulitsa madzulo, ndipo bamvua ikafika, maola atatu kapena anayi ali chiweramire pamiyala yakuthwa kufunafuna nkhono ndi pweza madzi asanabwerere. Belu alibe, inde, koma nyanja ikayamba kubwerera siyembekeza munthu kuti adzaze ndowa. Mawu a mayiwa tinalibe nawo yankho, ndipo mawa lake tinakatunga madzi, zimene zinaseketsa anzathu a pamthunzi kuposa bawo lija.

Kuseri komweko ndi kumenenso kunali nthabwala zambiri. Kutatsala masiku awiri kuti Idi ifike, a Bibi anapempha mayi kuti awatengere mbuzi. Mayi anapita kukhola, namasula tonde wa Qurbani uja, nabwera naye pa chingwe mpaka pakhomo la khitchini. Kunali chikhakhali chosatha. Mbuzi imene a Bibi ankanena ndi kampando kakang'ono ka matabwa kokhala ndi chitsulo cha mano kutsogolo, kamene munthu amakhalapo popala kokonati. Madzi oyera amene amafinya m'zopalazo ndiwo amaphikira mpunga, nsomba, nyemba, ngakhale chigwada. Mayi anaphunzira luso limeneli, ndipo mbuzi imodzi yotere tinabwera nayo kuno.

Pweza ndiye anabweretsa mlandu. Ndi chamoyo cha m'nyanja cha miyendo isanu ndi itatu, chopanda fupa kapena mamba. Tsiku loyamba kuikidwa m'mbale, mayi anakankhira mbaleyo kutali nafunsa ngati chinthu chooneka chotere chingakhale halali. Tinakafunsa kwa Imamu wa pamzikiti, amene anatikumbutsa kuti anthu a kumeneko amatsata Imamu Shafi monganso makolo athu a kunyanja, ndipo m'chiphunzitso chake zamoyo zokhala m'madzi mokha n'zololedwa. Abale athu otsata Imamu Abu Hanifa ndiwo amadya nsomba zokha. Ife tinadya ndi kuonjezera. Mayi anavomera kuti ndi halali, koma anati si halali aliyense ayenera kulowa m'kamwa mwawo, ndipo anakakamira pa changu mpaka tsiku lonyamuka.

Mzikiti umene tinkaswaliramo ku Dimbaniwo, ukauona kunja sungaucheukire kawiri: makoma wamba, denga la malata, manda akale pambali. Koma mkati, pakhoma la kumpoto pamene pali mihirabu, poima Imamu, pali zilembo za Chiarabu chakale cha mtundu wa Kufi zogoba pa mwala wa m'nyanja, ndipo zimatchula chaka cha 500 cha Hijra, chimene ndi 1107. Mbali yaikulu ya nyumbayo inamangidwanso m'zaka za m'ma 1700, koma zilembo zija ndi zomwezo, ndipo mzikitiwu umawerengedwa pakati pa mizikiti yakale kwambiri ya kugombe lonse la kum'mawa kwa Africa imene anthu akuswaliramobe. Chaka chatsopano cha 1445 chinatipeza tili momwemo. Tinawerengetsa ndi zala: pamene Jumbe Salim bin Abdallah ankakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840, ndiponso pamene mfumu Makanjira inkalowa Chisilamu cha m'ma 1870, asodzi a ku Kizimkazi anali ataswali pamalo amenewa zaka zoposa 700. Dini inafika kunyanja kwathu kudzera kugombe limeneli. Njira yomweyonso ndi imene inatenga abale athu ambiri, Ayao ndi Anyanja, ali m'magoli, kudzera ku Kilwa kukagulitsidwa pa msika wa mumzinda wa Zanzibar umene unatsekedwa mu 1873, ndipo tisaiwale kuti ena mwa ogulitsawo anali mafumu athu omwe. N'chifukwa chake dzina loti Mnyasa silinali lachilendo m'kamwa mwa anthu a kumeneko. Mkulu wina pa baraza anatiuza kuti agogo awo a amayi ake anachokera kunyanja kwathu, koma dzina la mudzi linatayika. Tinakhala chete tonse awiri, kenaka anatiitanitsira khofi wina.

Miyezi imene tinakhalako ndi ya mphepo ya kummwera imene iwo amaitcha kusi. Ndi mwera wathu yemweyu, ndipo amaomba nyengo imodzi. Ya kumpoto, kaskazi, imabwera cha m'December mpaka March. Mphepo ziwirizi ndizo kalelo zinkabweretsa zombo za ku Arabia ndi ku India n'kuzibwezanso. Inu a kunyanja simufunika kuuzidwa chimene mwera amachita. Tsiku lina m'July kunacha bwinobwino ndipo ngalawa zinatuluka, koma itangopitirira Zuhuri nyanja inachita thovu. Zinabwera imodziimodzi, anthu ali chinyowere. Pofika Magharibi inatsala imodzi, ya mwana wotsiriza wa Mzee ndi anzake awiri. Foni yake sinkalowa.

Usiku umenewo palibe amene anagona. Amuna titaswali Isha tinabwerera kugombe, ndipo anyamata anasonkha moto waukulu kuti uzionekera kutali. Amayi anakhala cha kumtunda atafunda nsalu zawo, a Bibi ali pakati, mayi a kunyumba atawagwira dzanja. Chinenero chimodzi analibe, komanso panalibe chonena. Mzee sanalire, sanadandaule. Anakhala ndi tasbihi wawo akuyang'ana mumdima, ndipo pakati pa usiku anatiuza motsitsa kuti ngati mlongoti wathyoka, mphepo iwakankhira ku tizilumba ta kumpoto chakumadzulo, ndipo akaphonya timeneto ndiye kuti mpaka kumtunda kwa Tanganyika, ngati Allah afuna. Kutacha boti la injini linanyamuka, ndipo dzuwa litakwera linabwera likukoka ngalawa ija, anthu atatu ali chikhalire m'menemo. Anagona pa chilumba cha Pungume, mlongoti utathyoka, foni itamwa madzi. Alhamdulillah. Amayi analira pamenepo, usiku wonse atadzigwira. Mzee anayang'ana mwana wawo, kenaka anayang'ana mtengo wothyokawo, nati unali wofumbwa kale, ndinakuuza mwezi watha. Mawa lake mnyamatayo anali kusema wina, ndipo mkuja wake anabwerera panyanja. Nsomba imene ife tinkadya pamthunzi paja inkachokera kumeneko.

Alendo ena ankafika ku Kizimkazi m'mawa uliwonse pa maminibasi kuchokera kumahotela, kudzaona pomboo, nyama za m'nyanja zooneka ngati nsomba zazikulu koma zopuma mpweya ndi kuyamwitsa ana. Kale asodzi ankazipha kuti apeze nyambo ya shaki, koma kuyambira m'zaka za m'ma 1990 anaona kuti yamoyo imalipira kuposa yakufa, ndipo mu 1997 boma linaika dera lonse la Menai Bay pansi pa chitetezo. Ndalama zalowa m'mudzi, sitikana. Koma kuona maboti ambiri akuthamangitsa kagulu kamodzi ka nyamazi, anthu n'kumadumphira pamwamba pake, sizinatisangalatse. Ndipo alendowo ankangokhala maola awiri, kujambula zithunzi, n'kubwerera osalawa ngakhale khofi wa pansi pa mtengo. Ife m'August tinaona namgumi akufwenthera madzi kutali uko tili chikhalire pamthunzi, ukonde uli pamwendo, osalipira kanthu.

Alipo enanso amene amabwera kudzakhalitsa, azungu opuma pantchito ngati ife, ofuna bata. Tinacheza ndi awiri, anthu aulemu ndithu. Koma bata limene ambiri a iwo amafunalo limadza ndi mpanda, ndipo mpanda uliwonse umadya njira ya kugombe. Mzee anatilozera malo amene ankayanikapo maukonde ali mnyamata. Tinapezapo chipata ndi mlonda. Ife tinangopukusa mutu, poti kuchokera pa boma pa Mangochi mpaka ku Monkey Bay nkhani yake ndi yomweyo. Mumtima tinadzifunsa ngati nafenso, ndi kapenshoni kathuka, tikadzabwerera kumudzi tidzayamba ndi mpanda. Nkhani ya kuchepa kwa nsomba nayonso sinkatha pa baraza. Ife tinawasimbira mmene chambo chinathera m'nyanja ya Malombe, ndiponso za chilumba cha Mbenji ku Salima chimene mafumu amachitseka nyengo ya dzinja kuti nsomba ziswane. Iwo anatiuza za midzi ina ya ku Pemba ndi ku Unguja imene imatseka miyala ya pweza miyezi ingapo kuti akule. Pamfundo imeneyi tinkamvana popanda womasulira.

Kwa amene mungafune ulendo wotere, moyo wa m'mudzimo si wodula ukamadya zimene eni ake akudya. Chodula ndi njira. Ife tinachita mwayi kuti tinapita kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu November 2023, apo ayi ndalama zimene tinasunga sizikanakwanira. Mankhwala a BP ndi a shuga tengani okwanira miyezi yonse, chifukwa chipatala chachikuluko chili kutali ndi mudzi. Za kavalidwe amayi athu savutika, n'komweko kwathu. Ndipo ngati n'kotheka pitani kumene kuli wokulandirani pakhomo, chifukwa kuhotela nyanja mudzaiona koma ukonde palibe adzakuponyereni.

Tinatsanzika pakati pa August. A Bibi ndi mayi a kunyumba anakumbatirana nthawi yaitali, aliyense akulankhula chinenero chake. Mzee anatipatsa singano ija yosokera ukonde, ndipo kamphunzitsi kathu kaja kanaiyang'ana mokayika, ngati kakuti ikupita kwa munthu wosaiyenera. M'basi mayi sanatchule nkhani ya kumudzi ngakhale kamodzi. Titadutsa Karonga, nyanja yathu itaonekera kumanzere ili phee pamalo pake, ife tinakhosomola n'kufunsa kuti: "Mayi, malo aja anakusiyirani amayi anu, mlambe uja ukadalipo?" Anayankha osacheuka kuti: "Ulipo. Ndinatumiza kale uthenga kwa alongo anga kuti ayambe kuumba njerwa."

Tinasamuka ku Limbe mu 2024, chaka chimene nyanja inakwera n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ambiri a m'mbali mwa gombe, choncho maziko tinakumba kumtunda pang'ono kusiyana ndi mmene tinkafunira. Mpanda sitinamange, kupatula wa bango wa kubafa. M'mawa timatsikira kudoko kukasoka chilimira cha mphwathu, ndipo alovi ake akaona chigamba chathu amati ndi mfundo ya Chiswahili. Bawo tikugonjabe, ngakhale si tsiku ndi tsiku.

Mzee alonjeza kuti, Insha Allah, adzabwera kudzaona nyanja yosathawa ndiponso yosawawa mchere, chifukwa mpaka lero sakhulupirira kuti madzi ochuluka chotere munthu angamwe. A Bibi afunsa kale pa foni ngati kuno angadzapeze popalira kokonati. Mayi a kunyumba awayankha kuti abwere ndi kokonati wawo basi, mbuzi zilipo za mitundu yonse iwiri.